Mlomo Woyesera Makina

Tsiku lililonse limene kunkabwera ophunzira, Mayi Chitsanzo sankamwa tiyi m'mawa. Mng'ono wake ankathira m'makapu awiri mwadala, n'kumapemerera wake mokweza kuti nthunzi imufike, koma iye ankangoyang'ana kumbali uku akumanga mpango. Ati chotentha chimatupitsa timitsempha ta m'kamwa, ndiye chithunzi chimanama. Anamuuza choncho wamakina wa kuchipatala, ndipo mayiyu ankasunga lamulo limeneli kuposa mmene ena amasungira malamulo a kutchalitchi.

Dzinali silinali lake ayi, anachita kumupatsa kuntchito. Ntchito yake inali yokolopa kumbali ya chipatala imene amaona za mano ndi m'kamwa: kolido yaitali, mabenchi a odwala, zipinda za madokotala ndi zimbudzi. Anailowa mwamuna wake atamwalira. Bamboyo anali mlonda pa chipatala chomwecho, ndipo akuluakulu anamumvera chisoni mkazi wamasiye n'kumupatsa mopu ndi ndowa. Mwana wake yekhayo anakwatira kutali, ankangoimba foni akakumbuka. Choncho mayiyu ankakhala ndi mng'ono wake, telala wa pakamwa polasa, m'nyumba ya zipinda ziwiri yodzaza nsalu za anthu.

Makinawo atabwera anawaika m'kachipinda ka kumapeto kwa kolido, kamene kale ankasungiramo mipando yothyoka. Sanali makina oopsa ayi. Panali kompyuta pa tebulo, chingwe, ndi kachitsulo kooneka ngati cholembera chonenepa, kokhala ndi kagetsi kunsonga. Kachitsuloko amakagunditsa mkati mwa mlomo wam'munsi, pa usinini kapena kunsi kwa lilime, ndipo pa galasi la kompyuta pamaoneka timitsempha ta magazi tochepa kuposa tsitsi, timene diso lokha silingathe kutiona. Mwa munthu wabwinobwino timakhala topindika bwino, tofanana msinkhu, tondondozana ngati msoko wa telala wodziwa ntchito. Matenda ena akamayamba m'thupi, timitsemphati ndi timene timayambirira kuulula. Tina timatupa, tina timapotoka, pena pamangokhala mbee popanda kanthu.

Tsono makina atsopano amafuna kuyesedwa pa munthu amene sakudwala. Wamakina, bambo woonda wosakonda zolankhula, anayamba ndi anzake a pantchito. Kalaliki ankasuta fodya. Namwino wina anali ndi shuga, wina usinini unkatuluka magazi, wachitatu anakana kwamtuwagalu, ati iye anamulemba ntchito ya manja osati ya mlomo. Adokotala aakulu, amene anaitanitsa makinawo, nawonso sakanakhala pampando n'kumayasamula pamaso pa antchito awo. Ali mkati mokankhirana choncho, mopu unafika pakhomo, ndipo wamakina anaitana mwini mopuyo.

"Mayi, tasiyani kaye zimenezo, mubwere mudzatithandize pang'ono."

Anapukuta manja pa epuloni, n'kukhala pampando kunsonga kwenikweni, ngati mlendo woyembekeza kuthamangitsidwa. Wamakina anamupinda mlomo ndi chala cha golovesi n'kugunditsapo kachitsulo kozizira. Chithunzi chinatuluka. Adokotala aakulu anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, kenako anati ngakhale m'mabuku mulibe chithunzi choyera chotere, ichi ndiye chitsanzo. Pofika masana anamwino onse anali akumuitana Mayi Chitsanzo.

Kuyambira pamenepo panabadwa kachitidwe kamene palibe anakakhalira pansi kukaganizira. Kumayambiriro kwa mlungu, wodwala woyamba asanalowe, wamakina ankamuitana. Mlomo wake ukatuluka mmene ankaudziwira, ndiye kuti makina ali bwino, ntchito iyambike. Magetsi akathima n'kuyakanso, amuitane. Chithunzi cha wodwala wina chikawakayikitsa, amuitane ayerekezere. Ophunzira akabwera, amuitane aone kaye m'kamwa mwa munthu wathanzi asanaone mwa odwala. Anafika pozolowera moti ankadzipinda yekha mlomo ndi zala ziwiri, n'kugwira mpweya kuti kagalasi ka kunsonga kasachite nthunzi. Nthawi zina wamakina ankamutembenuzira kompyuta kuti aone magazi ake akuyenda, timadontho tikutsatana m'timizere, ndipo ankatuluka m'chipindamo mtima uli myaa.

Tinene zoona, zinamulowa m'mutu. Munthu amene zaka zonsezi anthu ankamudutsa ngati tsache lotsamira khoma, lero ana ophunzira atavala zoyera akumuuza kuti zikomo amayi! Kunyumba nkhani inali yomweyo, mpaka mng'ono wake anatopa nayo. Ankayendetsa makina osokera osadzutsa mutu, n'kumati anthu ena amatchuka ndi mitu yawo, achemwali ake akutchuka ndi mlomo, ndipo akanayesa wake makinawo akanapsa tsiku lomwelo. Ankaseka onse awiri, koma mkuluyo ankaseka ngati munthu amene akudziwa kuti mnzake akungochita nsanje.

Zinayamba ndi zala. M'mawa wina wozizira anaviika mopu m'ndowa, potulutsa manja anaona zala zake zayera ngati wazipaka choko. Anazikanda osamva kanthu. Kenako zinada, ndipo magazi atabwerera zinayaka moto moti anakhala pa benchi ya odwala n'kuzipana m'khwapa. Anati n'chisanu basi. Koma chisanu chinatha, kunatentha, zala osasiya khalidwe lakelo. Madzi a pampopi okha ankakwanira kuziyeretsa. Pambuyo pake khungu la kuseri kwa manja linayamba kunyezimira ndi kukungika, mphete ya malemu mwamuna wake inakana kutuluka, ndipo chakudya chinayamba kuima pachifuwa.

Telala uja maso ake anali akuthwa, poti munthu wolowetsa ulusi pa singano saphonya kanthu. Tsiku lina anaona mkulu wake akulimbana ndi batani la bulauzi, anaimitsa makina osokera.

"Achemwali, mawa mukaime pamzere ngati anthu ena onse. Manjawo si abwino."

"Pamzere ine? Iwe, adokotala aakulu amandiona mlungu uliwonse. Pakanakhala kanthu bwenzi atanena kalekale."

Mng'ono wakeyo anayankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo adokotalawo amaona mlomo, manja sawaona. Mkuluyo anati magazi ndi amodzi, a pamlomo ndi a m'manja, ndipo ake ndi amene chipatala chonse chimayezerapo magazi a anthu ena. Apa tisamuikire kumbuyo, kunyada kunalipo. Koma ndani akanaganiza mosiyana? Munthu wokhala pampando wa chipatala kawirikawiri kuposa wodwala aliyense, magazi ake akuonetsedwa pa galasi, anthu ophunzira atamuzungulira. Iye ankayesa kuti akumuyang'ana, pamene iwo ankayang'ana makina awo.

Ndipo chithunzi chinasinthadi. M'mawa wina wamakina anagunditsa kachitsulo kaja n'kuchita tsinya. Timitsempha tina tinali titatupa ngati tathiridwa madzi, tina topotoka, ndipo pakona panali kadanga kopanda kanthu. Anapukuta kagalasi ndi thonje n'kuyesanso, chimodzimodzi. Anamufunsa ngati wamwa tiyi. Mayiyu analumbira kuti pakamwa pake sipanadutse ngakhale madzi ofunda. Wamakina anagwedeza chingwe, anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, kenako anapumira m'mwamba n'kunena kuti makina ayamba kuvuta.

Koma abale, mutu wa munthu! Bamboyu tsiku ndi tsiku ankaona zithunzi zotere pa milomo ya odwala, n'kuzitumiza kwa adokotala mwachangu. Akanakhala mlendo wochokera pa benchi, bwenzi atathamangira kukagogoda pa chitseko chawo. Koma uyu sanali wodwala, anali Chitsanzo. Sikelo ikayamba kunama umakayikira sikelo, sukayikira mwala woyezera. Anapita kukauza adokotala aakulu kuti makina sakuonetsa bwino, iwo ali pa foni anangogwedeza mutu n'kulamula kuti atumizidwe kokakonza.

Kachitsulo kaja kanapita m'bokosi, kachipinda kanatsekedwa, odwala anabwezedwa kwa nthawi yaitali ndithu. Okonza anakabweza n'kunena kuti sanapeze vuto, angosinthako kagetsi poti kanali kakale. Wamakina anamuitananso mayi uja. Chithunzi chinatuluka choipa kuposa poyamba, madanga atachuluka. Apa bamboyo anapsa mtima. Anati okonzawo ndi akuba, kenako anati mwina ndi chinyezi, ndipo anamuuza mayiyu kuti asiye kukolopa m'chipindamo ndi madzi ambiri chifukwa akuwononga katundu wodula. Iye anapepesa. Anapepesa ndithu, atagwira mopu ndi zala zimene zinali zitayera mpaka m'mfundo, pamaso pa munthu amene ntchito yake inali yoona timitsempha.

Mapeto ake wamakina anaganiza zoyesa pa munthu wina. Anaitana mayi wina wachitsikana wa kochapira zovala, ndipo chithunzi chinatuluka choyera bwinobwino. Mukuganiza kuti apa ndiye anadzidzimuka? Ayi ndithu. Anasangalala kuti makina ake ali moyo. Za mlomo winawo anangoti ndi ukalamba, amayi aja akula, pafunika chitsanzo chatsopano. Anaona kuti kumuuza munthu wamkulu kuti wakalamba ndi mwano, choncho sanamuuze chilichonse. Anangosiya kumuitana.

Mayi Chitsanzo anapitiriza kusala tiyi. Ankakolopa kolido pang'onopang'ono, n'kumachedwa dala pafupi ndi kachipinda kaja, kuti mwina chitseko chitseguka. Tsiku lina chinatsegukadi, ndipo anaona mtsikana wa kochapira uja ali pampando, ophunzira atamuzungulira, akumuuza kuti zikomo. Chinamupweteka kwambiri, kuposa zala. Ananyamula ndowa yake n'kukalowa m'chimbudzi cha akazi, anakhoma chitseko, analira ngati mwana. Kunyumba sananene kanthu. Mng'ono wake atathira tiyi m'mawa mwake, iye anangotenga kapu n'kumwa, ndipo telalayo, ngakhale anali wa pakamwa, anaona nkhope ya mkulu wake n'kumeza mawu ake.

Kuyambira pamenepo anadana nako kachipindako. Akaona wamakina akubwera ankakhotera kwina. Za manja ake sanafune kuti wina aliyense pantchito adziwe, poti wokolopa wopanda manja ndi wa chiyani? Anayamba kuvala magolovesi a mphira kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Mopu ankaufinya poupondera ndi phazi m'mphepete mwa ndowa. Kunsonga za zala kunatuluka tizilonda tosapola, ankatimanga ndi tizidutswa ta nsalu totsala kwa mng'ono wake, ta maluwamaluwa, n'kuvala golovesi pamwamba. Nkhope nayo inayamba kukungika. Makwinya anatha, milomo inapyapyala, kukamwa kunachepa moti supuni yaikulu inasiya kulowa. Anamwino ankamuseka kuti akubwerera ku utsikana, atiuzeko mafuta amene akudzola.

Zinaululika tsiku limene ndowa yodzaza inamupulumuka pakati pa kolido. Madzi anayenderera mpaka kunsi kwa mabenchi, odwala n'kukweza miyendo. Kapitawo wa okolopa anabwera akukalipa, anamugwira dzanja kuti amukokere pambali, ndipo mayiyu anakuwa. Atamuvula golovesi anapeza nsonga ya chala chamkombaphala yada bii, ikununkha. Kapitawoyo anabwerera m'mbuyo n'kumuuza kuti apite kunyumba, asabwere mpaka ataonana ndi dokotala.

M'mawa mwake mng'ono wake anatseka makina osokera, anamugwira pamkono n'kupita naye pamzere womwe uja. Anakhala pa benchi yonga zija mkuluyo ankapukuta kunsi kwake zaka zonsezi. Dokotala amene anawalandira anali wachinyamata, ndipo mayiyu anamuzindikira nthawi yomweyo kuti anali mmodzi wa ophunzira amene anamuonapo m'kamwa. Mnyamatayo sanamuzindikire. Anayang'ana manja, anayesa kutsina khungu la pamkono koma linakana kutsinika, anamuuza kuti ayasamule. Kenako anawafotokozera mwaulemu kuti kumapeto kwa kolido ya za mano kuli kachipinda kokhala ndi makina ojambula timitsempha, ndipo anafunsa ngati angakapeze okha kapena awapatse wowalondolera.

Wamakina atamuona akulowa ndi mng'ono wake anaimirira n'kukhalanso. Mlomo unavuta kupinda. Chithunzi chitatuluka, timitsempha tinali titatsala towerengeka, tonenepa ndi topotoka, kwina konse kuli mbee. Adokotala aakulu anaitanidwa. Anayang'ana pa galasi nthawi yaitali, kenako anayang'ana manja, n'kunena kuti awa ndi matenda oumitsa khungu ndi kutseka timitsempha, ndipo afika patali. Anafunsa kuti zinayamba liti.

"Kale, adokotala. Makinawa asanapite kokakonza."

Thonje limene wamakina anagwira linagwa pansi, ndipo anachedwa kulitola. Adokotala aakulu anangoti oo, n'kupitiriza kumugwiragwira zala. Kaya sanamve, kaya anamva bwino lomwe, palibe akudziwa. Telala uja anafunsa ngati zikanasintha kanthu akanazipeza msanga. Iwo anayankha kuti matendawa sachizika, koma alipo mankhwala otsegula timitsempha ndi ochepetsa liwiro lake, ndipo munthu akawayamba msanga n'kusiyana ndi madzi ozizira, kawirikawiri zala zimapulumuka. Mng'ono wakeyo anakoka mpweya kuti ayambe, ndipo akanayamba denga likanasasuka, koma mkulu wake anamuponda phazi. Awa anali anthu amene amupatse mankhwala, sakanayamba ndi kuwatukwana.

Chala chija anachidula. Patapita nthawi anadulanso nsonga ya chinzake. Kapitawo anabwera kunyumba ndi nthochi m'pepala, anakhala pampando pakati pa nsalu za anthu, n'kufotokoza mozungulira kuti akuluakulu akumva chisoni kwambiri, koma kolido siingadikire, ndipo adokotala omwe anena kuti madzi ozizira ndi oletsedwa. Ntchito inathera pamenepo. Wamakina anakumana naye kamodzi pa geti la chipatala, tsiku lokatenga mankhwala. Anavula chipewa, anati, "Mayi, ine ndinkayesa kuti ndi makina." Anadikira kuti mwina ayankhidwa. Mayiyu anamuyang'ana, n'kumudutsa.

Tsopano amakhala pakhonde, pambali pa makina osokera, manja atawakulunga m'masokosi ngakhale kunja kukutentha. Mng'ono wake ndiye amamumangira mabatani. Chakudya amamudulira tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo amadya ndi kasupuni ka mwana. Mwana wake uja akaimba foni, mayiyu amamuuza kuti ali bwino, ndi nyamakazi chabe. Mankhwala amathandiza pang'ono, koma kuwapeza ndi nkhondo: mzere wa m'mawa kunja kukuzizira, zala zotsalazo zikuyera, ndipo pena ukafika pawindo amati atha, mubwerenso.

Ndiye uthenga unabwera kudzera mwa namwino wina woyandikana nawo nyumba. Adokotala aakulu akupempha ngati mayi angamabwere masiku a ophunzira, chifukwa matenda awo ndi osowa, ndipo ana ambiri amamaliza sukulu osawaonapo ndi maso. Akamabwera choncho sadzaimanso pamzere, adokotala azidzawaona okha, ndipo mankhwala azidzawasungira pambali. Telala uja anaponya sizasi pa tebulo. Anati anthu amenewa alibe manyazi, anadya mlomo wa achemwali ake uli wabwino, lero akufuna kunyambita mbale. Anati bola kufera pakhonde pano. Mkulu wake anamusiya alankhule mpaka atatopa, kenako anatulutsa manja m'masokosi n'kuwaika pa tebulo, pakati pa ulusi ndi mapini.

"Zatsalazi ndikuzifunabe, mng'ono wanga. Tandimange mpango."

Kachipinda kanali kodzaza, ophunzira ena ataima pakhomo. Anamukhazika pampando, wamakina anavala magolovesi osamuyang'ana kumaso. Mlomo unakana kupindika, anachita kuukoka, ndipo pakona pa kamwa panang'ambika pang'ono. Misozi inatsika yokha. Namwino anamupukuta ndi thonje n'kumuuza kuti apirire, sizitenga nthawi. Adokotala aakulu anaimirira pambali pa kompyuta, akuloza ndi cholembera timitsempha totupa ndi madanga opanda kanthu. Anaphunzitsa bwino kwambiri tsiku limenelo. Anauza ophunzirawo kuti agwire khungu la pamkono, aone zala, aone kuchepa kwa kamwa, ndipo mmodzimmodzi ankabwera kudzamutsina mwaulemu. Pomaliza anatsitsa mawu ngati munthu womva chisoni.

"Muyang'anitsitse, ana anga, musadzaiwale. Timitsemphati timayamba kusintha kalekale zala zisanawonongeke, ndipo makinawa amatha kuona. Koma izi ndi zimene zimachitika wodwala akabwera mochedwa kuchipatala."

Mayi Chitsanzo anayesa kudzutsa mutu, koma chala cha wamakina chinali chitamugwira mlomo, kachitsulo kali m'kamwa. Panangotuluka kaphokoso kapakhosi. Namwino anamugwira paphewa n'kumuuza kuti asagwedezeke, chithunzi chisokonekera. Ophunzira onse anawerama n'kulemba mawu a adokotala.